Malo oimika magalimoto m'mbali mwa misewu ikuluikulu: chitsanzo cha Gautrain

JOHANNESBURG – Msewu wa Ben Schoeman, umene umalumikiza mizinda ya Johannesburg ndi Pretoria, ndi umodzi mwa misewu imene magalimoto amathithikana kwambiri m'dziko la South Africa. Pamene boma la chigawo cha Gauteng linkamanga njanji ya Gautrain, yotalika makilomita 80, cholinga china chinali chakuti eni magalimoto azisiya magalimoto awo pasiteshoni n'kukwera sitima. Sitimayi inayamba kunyamula anthu m'chaka cha 2010 ndipo inafika ku Pretoria mu 2011.

N'chifukwa chake masiteshoni a Midrand ndi Centurion anamangidwa kufupi ndi msewuwu, ndipo ali ndi malo aakulu oimikapo magalimoto komanso pokwerera mabasi. Woyendetsa galimoto amalola kupatuka pokhapokha siteshoni ikakhala pafupi ndi mphambano. Akaona kuti adzataya nthawi m'timisewu ta m'mzinda asanapeze poimika, amangopitirira ulendo wake.

Kumene malo ndi osowa, mizinda ina imamanga pamwamba pa msewu penipeni. Ku New York, siteshoni ya mabasi ya George Washington Bridge, yomwe inatsegulidwa mu 1963, inakhazikidwa pamwamba pa msewu waukulu wodutsa mlathowo. Njira imeneyi imafuna ndalama zambiri, pakuti pamafunika zipilala zolimba ndi njira zotulutsira utsi. Ku Los Angeles, kumene masiteshoni ena ali pakati pa msewu, odikira amavutika ndi phokoso ndi utsi wa magalimoto.

Komabe vuto lalikulu limagwera woyenda pansi. Kwa iye msewu woterewu uli ngati mtsinje wodzaza, ndipo popanda mlatho sangawoloke. Siteshoni ya Marlboro, pamene ochokera ku Pretoria amasinthira sitima popita ku bwalo la ndege la OR Tambo, ili m'mbali mwa msewu wa N3, moyandikana ndi Alexandra. Anthu ambiri a ku Alexandra amadalira maminibasi, ndipo kwa iwo chofunika si poimika galimoto, koma mtengo wokwerera ndi malo abwino otsikira minibasi.

Ndalama zimene oyendetsa magalimoto ankayenera kulipira pamisewu ya Gauteng kuyambira mu 2013, zotchedwa e-toll, zinathetsedwa mu Epulo 2024. Kuchokera pamenepo, chokopa mwini galimoto kuti apatukire kusiteshoni ndi nthawi imene angapulumutse ndi mtengo wa mafuta.