Kodi Mumadziwa? Kulera kwa Pangozi Mutachira Khansa

Pa Nkaya, pomwe njanji ya ku Nayuchi imakumana ndi yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, ngakhale mwana amadziwa kuti njira ya sitima amaitembenuza sitimayo isanafike. Ikadutsa, kwatha. Kulera kwa pangozi nakonso n'kothamangitsana ndi nthawi. Tsono achemwali amene munadwalapo khansa, kodi mumadziwa...

• Kuti kusiya kusamba si kusiya kubereka? Mankhwala a khansa a m'diripi aja amatha kuimitsa msambo kwa miyezi ingapo, koma kwa atsikana ambiri mazira amadzayambanso kukhwima. Dzira limatuluka pafupifupi milungu iwiri msambo usanabwere, ndiye mutha kuima musanaone ndi kadontho komwe.

• Kuti madokotala amakonda kulangiza kudikira kaye miyezi 6 mpaka zaka 2 musanatenge pathupi, malinga ndi khansa yomwe munadwala? Amene akumwa tamoxifen wa khansa ya m'mawere ndiye asayerekeze, chifukwa mankhwalawa angathe kuvulaza mwana m'mimba.

• Kuti piritsi la pangozi la levonorgestrel ndi limodzi lokha, la mamiligalamu 1.5? Limagwira bwino mkati mwa maola 72, ndipo bungwe la WHO limalola mpaka maola 120. Kondomu ikang'ambika Lachisanu usiku, musati "tiona Lolemba". Loweruka m'mawa kwerani kabaza.

• Kuti piritsili silichotsa mimba? Ntchito yake ndi kuchedwetsa dzira kuti umuna usalipeze. Ngati munaima kale, mimbayo siichoka. Silitseka chiberekero, komanso silikutetezani mukagonananso mawa lake popanda chitetezo.

• Kuti WHO imati palibe matenda oletsa mayi kumwa piritsi la pangozi? Amene anadwala khansa ya m'mawere amauzidwa kupewa jakisoni, mapiritsi a tsiku ndi tsiku ndi kolerera ka pamkono, poti mahomoni a m'njirazi amakhalitsa m'thupi. La pangozi n'lakumwa kamodzi basi. Komabe auzeni anamwino mbiri yanu yonse.

• Kuti lupu ya kopa ndiyo njira ya pangozi yoposa zonse? Ikaikidwa pasanathe masiku 5, amayi oposa 99 mwa 100 aliwonse satenga pathupi. Ilibe mahomoni, ndipo imakulererani zaka 10. Koma saiika kwa mayi yemwe akudikira chithandizo cha khansa ya khomo la chiberekero.

• Kuti mankhwala ena amalanda mphamvu piritsili? Ena mwa iwo ndi rifampicin wa TB, carbamazepine ndi phenobarbitone a khunyu, komanso efavirenz wa m'ma ARV akale. Ambiri amene anadwala khansa ya pakhungu ya Kaposi ali pa ma ARV. Mwayi wake, dolutegravir wa m'ma ARV atsopano yemwe Malawi inayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019 salimbana nalo.

• Kuti mukasanza pasanathe maola awiri muyenera kumwanso lina? Ndipo msambo ukachedwa kupitirira masiku 7, kayezetseni.

• Kuti piritsili siliteteza ku HIV? Ngati mwagwiriridwa, pemphaninso PEP, mankhwala oteteza ku HIV, pasanathe maola 72. Zonsezi n'zaulere m'zipatala za boma, monga chachikulu cha Balaka ndi cha Machinga pa Liwonde.

• Kuti Chipatala cha pa Foni chinabadwira konkuno ku Balaka mu 2011, chisanafalikire dziko lonse? Ngati manyazi akukugwirani kufunsa pamaso, funsani pa foni.

Popita kuchipatala musaiwale kabuku kanu kaja, ngakhale kathetheke chotani. M'menemo ndimo muli dzina la khansa yomwe munadwala ndi mankhwala omwe munalandira, ndipo namwino akawerenga adziwa msanga ngati akupatseni piritsi kapena lupu.