Chiswe chandidyera chuma ku Namitete

Mwezi wathawu ndinali kwathu ku Namitete kukamanga chiliza cha malemu bambo anga. Mwambo utatha, mayi anandiitanira kuchipinda nkukoka sutukesi yamalata pansi pa bedi.

"Tenga zinyalala zakozi, apo ayi mawa ndikolezera moto," anatero mayi.

Nditatsegula ndinapeza kope langa la ku pulayimale, lija ndinkamatamo makatuni odula m'nyuzipepala. Theka lake chiswe chinali chitadya kale. Abale inu, ine bambo wa ana atatu, imvi zili mbuu kumutu, ndinangokhala pansi misozi ili chuchuchu ngati maliro ayambiranso.

Mwina museka, koma inu amene munakulira kumudzi m'zaka za m'ma 1980 mundimvetsa. Nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wayilesi yakanema. Television Malawi inadzatsegulidwa mu 1999, a Bakili Muluzi ali pampando. Ndiye mwana wa ku Namitete, Nsaru kaya Kabudula, kuti aone chithunzi choyenda ankadikira galimoto yachikasu ya a zaulimi. Ikafika, zidole zinkalankhula za feteleza ndi kupalira msanga, madzulo nkuonetsa kanema pabwalo. Ife za fetelezazo tinalibe nazo ntchito, tinkangofuna kuona chidole chikutsegula pakamwa.

Zinthu zinasintha cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene mkulu wina wagolosale anabweretsa vidiyo ndi kajenereta. Anatchinga chipinda ndi ziguduli, nkuika mabenchi, sipika nkuikoleka panja pamtengo. Akuluakulu ankadzera Rambo ndi Bruce Lee, koma podikira kuti anthu adzaze, mkuluyu ankayamba waika tepi ya Tom and Jerry.

Kayambidwe kake kaja sindidzakaiwala mpaka tsiku lolowa m'manda. Poyamba mkango unkabangula, kenako malipenga nkuyamba kulira mothamanga, nkhope ya mphaka ndi ya kanzake kaja zili mwee kumwetulira. Mkangowo ukangobangula pasipika, mwana aliyense ankasiya chimene wagwira. Wotunga madzi ankasiya ndowa padilawo, woweta mbuzi ankazisiya zikulowa m'dimba la eni. Ine tsiku lina la msika mayi anandituma kukagulitsa zitumbuwa. Mkango utabangula ndinasiyira lichero mnzanga, nkutapa 50 tambala pa ndalama za malonda. Potuluka, mnzanga uja anali atadya zitumbuwa zinayi. Zimene ndinaziona kunyumba madzulo ake, msana wanga ndiwo mboni. Inu amalonda mukudziwa kuwawa kwa mpamba ukadyedwa ndi mwana wako yemwe.

Opanda ndalama tinkaunjikana kunja, ena diso pa kabowo ka chiguduli, ena kungomvetsera. Chokoma chake chinali chakuti Tom ndi Jerry salankhula kwenikweni, nkhani yonse ili m'nyimbo ndi m'phokoso. Sizinkafuna Chingerezi ayi. Uli panja pomwepo unkadziwa kuti apa mphaka akunyang'ama, apa wamenyedwa ndi chiwaya kumutu. Mkangano waukulu unali umodzi basi: kodi Jerry ndi mbewa kapena khoswe? Atsibweni anga anagamula kuti chokhala m'nyumba nkumaba chakudya ndi khoswe, chifukwa akanakhala mbewa bwenzi ana a ku Nsaru atamukumba kalekale nkumupana pampani.

Masiku opanda vidiyo tinkapanga kanema wathuwathu. Tinkaboola katoni ya sopo, kumatapo pepala loyera, koloboyi kumbuyo. Tinkadula timapepala ngati mphaka ndi khoswe, kutisomeka pa udzu nkumatiyendetsa kuti zithunzithunzi zioneke. Mmodzi ankabangula ngati mkango, wina nkumaliza lipenga ndi pakamwa. Khomo linali batani la malaya kapena chimanga chokazinga chodzaza dzanja.

Nditakula ndi pamene ndinadziwa kuti nawonso eni akewo ankagwira ntchito ndi manja ngati ife. Tom and Jerry anayambitsidwa mu 1940 ndi William Hanna ndi Joseph Barbera ku kampani ya MGM ku America, ndipo mkango uja ndi chizindikiro cha kampaniyo. Kunalibe kompyuta. Munthu ankajambula mphaka pa pepala, wina nkukopera pa kapulasitiki koonekera ngati galasi kamene amakatcha cel, wina nkupaka utoto kuseri kwake. Kapulasitikiko ankakasanjika pamwamba pa chithunzi cha khitchini kapena bwalo, nkujambula ndi kamera. Akatero ankachotsa, nkuikapo kena komwe mwendo wasuntha pang'ono. Kanema amadutsitsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Katuni ya mphindi 7 ndiye kuti ndi zithunzi zoposa 10,000, ndipo ngakhale kapulasitiki kamodzi kankatha kujambulidwa kawiri, timapulasitikito tinkakhalabe masauzande. Zonsezo kuti mwana wa ku Namitete aseke atadya mpamba wa amake!

Tsono imvani izi. Kanema akatha kupangidwa, timapulasitiki tija tinkaoneka ngati zinyalala. Tina ankatitsuka kuti ajambulepo zina, tina ankangotaya. Kenako makampani anayamba kugwiritsa ntchito kompyuta. Ku Disney, filimu ya The Little Mermaid ya mu 1989 ndiyo inali yaikulu yomaliza kupakidwa utoto pa timapulasitiki. Ana aja ankaonera makatuni anali atakula, ena atalemera, ndipo anayamba kusakasaka kachidutswa ka ubwana wawo kuti akakoleke pakhoma. Chaka chomwecho cha 1989, kapulasitiki kamodzi ka mu katuni ya Disney ya mu 1934 yotchedwa Orphan's Benefit kanagulidwa pa okushoni ku New York pa mtengo wa madola 286,000. Kamodzi kokha! Amene anatola m'bini anaseka, amene anatsuka analira. Paja akulu anati chakomakoma pusi anagwa chagada, koma apa wogwa chagada anali wotaya.

Ife kuno timapulasitiki totero sitinakhale nato. Chathu chinali m'nyuzipepala. Tinali ndi Joza wa Vic Kasinja, tinali ndi Pewani wa Brian Hara, anthu ojambulidwa ndi manja a Amalawi, ovala ngati ife, ovutika ndi ngongole ndi apongozi ngati ife. Kwathu nyuzipepala yatsopano sinkafika. Inkabwera itakulunga usipa, mchere kapena mandasi kuchokera kumsika. Ndinkaiyanika padzuwa, kudula katuniyo ndi lezala la bambo, nkumata m'kope ndi phala. Mpaka lero masamba amene apulumuka kuchiswe ali ndi madontho a mafuta. Tsamba lina likuoneka theka: funso lilipo, yankho lake chiswe chinameza. Ndakhala ndikuyesa kukumbukira chimene chinandiseketsa, koma chakana.

Kope lija ndinabwera nalo ku Lilongwe nkumuonetsa mwana wanga wachisanu ndi chiwiri m'kalasi, wa Sitandade 7. Analiyang'ana pang'ono nkufunsa ngati ndingamubwereke foni. Makatuni amaonera pamenepo, ochuluka kuposa amene ine ndinaona moyo wanga wonse. Koma nyimbo yoyambira ikangoti iyambe, iye amaidumpha ndi chala. Akuti imachedwetsa ndipo imadya bandulo. Ndinamuuza kuti nyimbo imeneyo ine ndinaikwapulidwira. Anaseka mpaka kugwa pampando. Sindikumuda ayi, chinthu chopezeka nthawi iliyonse munthu sachithamangira.

Koma pempho langa lili kwa inu anzanga a m'misika, a ku Lilongwe kuno, a ku Mpingu, a ku Nambuma ndi kwina konse. Mitolo ya nyuzipepala zakale imathera m'manja mwanu. Ndinu amene mumagula kwa anthu osamuka ndi kwa ana ogulitsa katundu wa malemu makolo awo. Musanang'ambe kuti mukulungire bonya, tayang'anani kaye chaka chake. Mukaona ya m'ma 1980 kapena m'ma 1990 ili ndi katuni, ipatuleni, muiike m'jumbo pamalo pouma. Sindikukulonjezani madola a ku New York ayi, ndingakhale wabodza. Koma ku Zomba kuli nyumba ya boma yosungira zakale, ndipo si mwana aliyense wa ku Kabudula amene adzakafikeko. Chimene mwasunga inu ndi chimene mdzukulu wanu adzachigwire ndi manja.

Ine langa lija ndalikutira ndi pulasitiki, lili pamwamba pa kabati. Mayi ndawauza kuti akapeza china m'sutukesi muja asakolezere moto, nkhuni ndiwagulira. Ndipo ngati alipo wina mwa inu amene anasunga Joza kapena Pewani, tidzakumane pamsika tidzaonetsane. Mwina yankho lija chiswe chinandidyera lili kwa inu.