Chinyezi m'nyumba: kodi makina oumitsa mpweya angatithandize?

Mvula ikagwa masiku atatu otsatizana ku Maselema, m'nyumba zambiri mumabwera kafungo kamene aliyense amakadziwa. Kamakulandirani mukangotsegula wadirobu. Nsapato zachikopa zimene munaziika zikunyezimira mumazipeza zitamera chuku, mchere wanyowa m'botolo, machesi akukana kuyaka, ndipo kuseri kwa bedi penti watupa n'kuyamba kuda. Zonsezi zimasonyeza kuti m'nyumbamo mwachuluka chinyezi.

M'mayiko ena, makamaka ku America, anthu amalimbana ndi vutoli pogwiritsa ntchito makina otchedwa dehumidifier, omwe amachotsa madzi mumpweya. Alipo aang'ono a chipinda chimodzi, alipo aakulu oumitsa nyumba yonse. Poti masiku ano katundu wotere munthu angathe kumuitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena ku China, funso lafika ndi kwathu kuno: kodi makinawa angathetse chinyezi m'nyumba ya ku Maselema, Ndirande kapena Bangwe? Yankho limadalira kumene madziwo akuchokera, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama.

Mpweya uliwonse umanyamula madzi osaoneka ndi maso, koma umanyamula malinga ndi kutentha kwake. Tiyerekeze bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu womwe. Mpweya wodzaza m'bokosi limenelo ukatentha kufika madigiri 30 ungasunge madzi okwana pafupifupi magalamu 30. Pa madigiri 20 ungasunge magalamu 17, ndipo pa madigiri 10 umalekera pa magalamu 9. Choncho mpweya wofunda ukakhudza chinthu chozizira umatula madzi amene sungathenso kuwasenza. N'chifukwa chake botolo lochokera mufiriji limachita thukuta, ndiponso n'chifukwa chake malata opanda siling'i amadontheza madzi mbandakucha ngakhale kunja kulibe mvula.

Akatswiri amayeza chinyezi m'maperesenti. Akati 100 peresenti ndiye kuti mpweyawo wakhuta, sungalandirenso madzi ena. Bungwe loona zachilengedwe la boma la America, EPA, limalangiza kuti m'nyumba chinyezi chisapitirire 60 peresenti, ndipo chikakhala pakati pa 30 ndi 50 ndiye bwino koposa. Chikakhalitsa pamwamba pa 70, chuku chimapeza pomera, ndipo tizilombo ting'onoting'ono tokhala m'fumbi la m'matiresi ndi m'mapilo timaswana kwambiri.

Mzinda wa Blantyre uli ndi nyengo ziwiri za chinyezi. Yoyamba ndi dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene mpweya umakhala wofunda ndi wodzaza madzi. Yachiwiri, imene anthu amaiiwala akamakamba za nkhaniyi, ndi ya chiperoni, pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mphepo yochokera kunyanja ya mchere ya India imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo dzinali linachokera ku phiri la Chiperone m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kumene mitamboyo imaoneka ngati ikuchokera. Madera okwera monga Limbe, Bangwe ndi Maselema, yemwe ali pakati pa Chichiri ndi Limbe m'mphepete mwa msewu wa Masauko Chipembere, amatha masiku angapo osaona dzuwa. Nthawi imeneyi timatseka mawindo onse, timayanika zovala m'chipinda chochezera, ena amalowetsa mbaula. Nyumba imasanduka mphika wovundikira.

Nkhaniyi si ya fungo ndi nsapato zokha. M'chaka cha 2009 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza chinyezi ndi chuku m'nyumba, ndipo linanena kuti anthu okhala m'nyumba zonyowa amakhala pachiopsezo chachikulu cha kutsokomola, matenda a m'chifuwa ndi kukula kwa mphumu. Mwana amene amabanika usiku uliwonse wa chiperoni n'kupezako bwino akapita kumudzi kutchuthi angakhale akudwala chipinda chimene amagonamo. Chimanga ndi mtedza zosungidwa pansi ponyowa nazo zimachita chuku, ndipo mitundu ina ya chukucho imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Dehumidifier ndi mbale wake wa firiji. Fani amakoka mpweya wa m'chipinda n'kuudutsitsa pa timapaipi tozizira kwambiri. Madzi amatsalira pa timapaipito n'kudonthera m'kachidebe kapena kutuluka panja kudzera m'paipi, ndipo mpweyawo umabwerera m'chipinda uli wouma komanso wofundirako pang'ono. Makina aang'ono amachotsa malita 10 mpaka 20 patsiku kukakhala kotentha ndi konyowa. Kukazizira mphamvu yake imatsika, moti m'mawa wa Julaye sangatulutse madzi ochuluka monga alembera pabokosi.

Makina a nyumba yonse amachotsa malita 30 mpaka 60 patsiku. Amaikidwa m'denga kapena m'kachipinda kapadera, ndipo amalumikizidwa ku mipope ikuluikulu yoyendetsa mpweya m'zipinda zonse. Ku America nyumba zambiri zimamangidwa ndi mipope imeneyi kale, chifukwa ndi imene imanyamula mpweya wotenthetsa kapena kuziziritsa nyumba. Kuno mipope yotere mungaipeze m'mahotela, m'mabanki ndi m'maofesi akuluakulu, koma m'nyumba zogona ndi yosowa. Woifuna ayenera kuyamba waphwasula siling'i.

Vuto lalikulu koposa ndi loti makinawa amafuna nyumba yotsekeka bwino. Nyumba zathu zinamangidwa kuti zizipuma: zili ndi mabowo olowetsa mpweya pamwamba pa mawindo, mpata pansi pa chitseko, ndi malo otseguka pakati pa khoma ndi malata. Kuyatsa dehumidifier m'nyumba yotere mu Febuluwale kuli ngati kufuna kuumitsa mpweya wa Blantyre yense. Makina amachotsa madzi, mpweya wina wonyowa n'kulowa nthawi yomweyo.

Ndiye pali magetsi. Makina aang'ono a mawati 300 akayaka maola 8 patsiku amadya mayunitsi 2.4, kutanthauza mayunitsi 72 pamwezi. Aakulu a mawati 700 akayaka maola 10 patsiku amadya mayunitsi 210 pamwezi, kuwonjezera pa zonse zimene banja limagula kale ku Escom. Komanso nyengo ya chinyezi chochuluka ndi imenenso magetsi amavuta. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunatenga nthawi yoposa chaka.

Yambani mwapeza gwero

Makina amachotsa madzi a mumpweya okha. Sangatseke denga lodontha, ndipo sangaletse madzi okwera kuchokera m'nthaka. M'matauni athu gwero lachiwirili ndi lofala kwambiri, chifukwa cha malo amene tinamangapo. Ndirande ali m'tsinde mwa phiri la Ndirande, Machinjiri ali kuseri kwake, Zingwangwa ali pansi pa Soche, Chilomoni wayang'anizana ndi Michiru, ndipo Bangwe anatenga dzina la phiri lake. Pomanga pamalo otsetsereka, mmisiri amasema phiri kuti apeze posalala, ndipo khoma lakumbuyo limatsala litatsamira dothi kapena litayandikana nalo kwambiri. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Madzi otsika m'phiri amafika pakhomalo, njerwa n'kuwamwa ngati siponji.

Kuteteza zimenezi, amisiri odziwa ntchito amayala pulasitiki wokhuthala kapena pepala laphula pamwamba pa maziko asanayambe kukweza khoma, ndi pulasitiki winanso pansi asanathire konkire. Nyumba zambiri zalendi zinamangidwa mothamanga popanda zimenezi, pofuna kupulumutsa ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumba yonse. Chizindikiro chake sichisowa: khoma limanyowa kuyambira pansi kufika pafupifupi mita imodzi, pulasitala amafumbutuka, ndipo pamatuluka ufa woyera wonga mchere. Eninyumba ena amangopaka penti wa mafuta wochita lendi watsopano asanalowe. Pentiyo amatsekera madzi m'kati, ndipo pakatha miyezi ingapo amasendeka, mlandu n'kugwera wochita lendi kuti sasamala nyumba.

Khoma lonyowa motere limafookanso. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza mu Malichi 2023, kuwonjezera pa matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche n'kupha anthu ambiri ku Chilobwe, nyumba zina m'matauni zinagwa chifukwa zidina ndi dothi lomangira zinakhuta madzi. Khoma la zidina limene likunyowa m'munsi chaka ndi chaka likufunika mmisiri dzinja lisanafike.

Pali njira yosalira ndalama yodziwira kumene madzi akuchokera. Dulani pulasitiki woonekera wa kukula ngati tsamba la kope, mum'mate pakhoma kapena pansi ponyowapo ndi tepi mbali zonse zinayi, ndipo mum'siye masiku awiri. Madontho akaoneka kunsi, pakati pa pulasitiki ndi khoma, madziwo akuchokera m'khoma kapena m'nthaka. Akaoneka pamwamba pa pulasitikiyo, akuchokera mumpweya wa m'chipinda.

Akakhala ochokera m'nthaka, ntchito ili panja. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi azilambalala, chotsani dothi lotsamira khoma, ndipo zungulizani nyumba ndi kakhonde ka simenti kopendekera kunja kuti madzi a padenga asamagwere pamaziko.

Akakhala a mumpweya, ambiri timawapanga tokha. Banja la anthu anayi kapena asanu lingathire mumpweya malita pafupifupi 10 patsiku kudzera m'kupuma, kuphika, kusamba ndi kuyanika zovala. Lita imodzi ya palafini ikayaka imatulutsa madzi okwana pafupifupi lita imodzinso. Vundikirani miphika, tsegulani windo la kukhitchini ndi la kubafa, ndipo dzuwa likatuluka tsegulani mawindo a mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo idutse. Sunthani wadirobu ndi bedi zitalikirane ndi khoma ngati chikhatho chimodzi. Matumba a chimanga akhale pamatabwa. Mabowo a mpweya amene munawatseka ndi nyuzipepala poopa kuzizira ndi udzudzu atseguleni, muikepo sefa. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka si njira youmitsira nyumba, chifukwa imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Chuku chimene chamera kale chitsukeni ndi sopo kapena Jik wosungunula m'madzi, mawindo ali otsegula, koma osasakaniza Jik ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi.

Makina ali ndi malo ake zonsezi zikachitika. Chipinda chimodzi chokhala ndi siling'i ndi chitseko chotseka bwino, monga chogona mwana wa mphumu, chosungira mabuku ndi makompyuta, kapena choyanikamo zovala nthawi ya chiperoni, chingaume bwino ndi dehumidifier yaing'ono. Ya nyumba yonse ndi yoyenera amene akumanga kumene nyumba yotsekeka ndipo aika mipope ya mpweya m'pulani kuyambira pachiyambi. Musanagule iliyonse, pezani kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer, komwe n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi makinawo. Kaikeni m'chipinda chovutacho kwa sabata ziwiri, muzilemba zimene kakuonetsa m'mawa ndi madzulo. Ngati nambala ikukhalabe pamwamba pa 70 mutakonza ngalande ndi denga, pamenepo mukhoza kuyamba kufunsa mitengo.