Thengo Lingathe Kubweza Ana Athu Kusukulu

Aliyense woyenda pa msewu waukulu pakati pa Sinda ndi Katete amawaona: tianyamata tating'ono, ndodo m'manja, tikutsata ng'ombe pamene anzawo ali m'kalasi. Ambiri amaweta ng'ombe za eni ake kwa zaka zingapo kuti potsiriza alandire ng'ombe imodzi ngati malipiro. Kuyambira mu 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka kusekondale, koma ana amasiye ndi a m'mabanja osauka akadali kubusa, ndipo alongo awo akulowabe m'banja asanakhwime. Kodi tingawakope bwanji?

Ena anayesa njira imene ingadabwitse ambiri: kupita nawo ana otere kuthengo ndi kukawaphunzitsa komweko. Mu 2001 kampani yosamalira alendo ya Wilderness Safaris inayambitsa nchito yochedwa Children in the Wilderness ku Botswana. Mu 2002 inafika ku Namibia, dziko la cipululu ndi mapiri a miyala kumene mvula ndi yosowa. Mu 2003 inafika kwa abale athu a ku Malawi, kumene ana ankagona pa msasa wa Mvuu m'paki ya Liwonde, m'mbali mwa mtsinje wa Shire.

Kacitidwe kake ndi kotere: kampani imatseka msasa kwa alendo olipira kwa masiku angapo, nkuitana ana a m'midzi yozungulira. Mwana amene sanaitanidwepo kulikonse amagona pabedi, amadya mokhuta, amaona njovu ndi mvuu pafupi, naphunzira za mitengo, za madzi ndi za kudziteteza ku matenda. Koposa zonse, amapeza akulu amene akumufunsa maganizo ake ndi kumumvera. Akabwerera, amapitiriza m'timagulu ta zacilengedwe kusukulu kwawo.

Kuno Kum'mawa tili ndi citsanzo cathu. Ku Mfuwe, m'mbali mwa Luangwa, a Steve ndi a Anna Tolan, amene kale anali apolisi ku England, anatsegula malo ophunzitsira ana a Chipembele mu 2001. Dzinalo likutikumbutsa nyama imene inatha m'cigwa cimeneci cifukwa ca opha nyama mobisa. Zipembele zinacita kubweretsedwanso ku North Luangwa mu 2003 kucokera ku South Africa.

Tsono abale ndi alongo, sitiyenera kudikira a zamasafali. Mapiri a Mphangwe tili nawo. Mwezi wa August dzinthu zili m'nkhokwe, masukulu atseka, ndiponso ndi mwezi wa Kulamba pamene tonse timayang'ana ku Mkaika. Parishi iliyonse ingathe kusankha ana 20 amene anasiya sukulu, nkukhala nawo masiku atatu m'tsinde mwa phiri. Banja lililonse lipereke mbale ya ufa, nshawa kapena nyemba. Anyakwawa adziwitsidwe, makolo avomereze, ndipo atsikana akhale m'manja mwa amai odalirika usana ndi usiku. Eni ng'ombe aziwete okha masiku amenewo.

Tisaiwale kuti mbusa amalidziwa thengo kuposa ife. Amadziwa kumene kumatsala madzi m'cilimwe, mtengo umene ng'ombe sizidya, ndi phazi la nyama iliyonse. Tikamupatsa mpata woti aphunzitse anzake zimenezi, pamenepo mphunzitsi nkumuonetsa kuzilemba ndi kuziwerengera, mwanayo adzaona kuti si mbuli ayi.

Zoona, masiku atatu sacotsa umphawi. Cilala ca 2024 cinatiphunzitsa kuti njala ikalowa, mwana ndiye amayamba kucoka kusukulu. Ncifukwa cake msasa ukatha, mwana aliyense apatsidwe munthu wamkulu womuperekeza kwa ahedi tsiku lotsegulira sukulu, ndi womuyendera mwezi ndi mwezi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiyeni nkhaniyi tiikambirane m'magulu athu Lamulungu likudzali.