Ávila: mzinda wa m'linga, wachibale wa Mtengowanthenga

Amayi ambiri a ku Mponela, Lumbadzi ndi midzi yozungulira amachidziwa bwino chipatala cha mishoni cha Mtengowanthenga m'boma la Dowa. Ena anachirira komweko, ena amapita ndi ana kusikelo. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti mizu ya masisitere a Carmelite amene amatumikira pamalopa ili kumzinda wina wakale wa paphiri m'dziko la Spain.

Mzindawu ndi Ávila, ndipo uli pamtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku likulu la dzikolo, Madrid. Unamangidwa pachitunda cha miyala moyang'ana mtsinje wa Adaja. Kumaloku kumazizira koopsa moti chisanu cha Juni cha ku Dowa n'chamasewera.

Chimene mlendo amayamba kuona akadali patali ndi linga. Ntchito yomanga khomali inayamba cha m'ma 1090, Mfumu Alfonso VI italanda mzinda wa Toledo mu 1085. Nthawiyo derali linali m'malire a maufumu a Akhristu ndi Asilamu, choncho aliyense ankagona khutu lili kunja.

Lingali ndi lotalika makilomita awiri ndi theka, msinkhu wake ndi mamita pafupifupi 12 ndipo kuchindikala kwake ndi mamita atatu. Lili ndi nsanja zoposa 80 komanso zipata 9. Ngakhale tchalitchi chachikulu cha mumzindawu chinamangidwa ngati malo achitetezo: kumbuyo kwake ndi mbali ya linga lomwelo. Lero mlendo amagula tikiti n'kukwera kukayenda pamwamba pa khoma, pomwe kale pankayenda alonda.

M'kati mwa lingali ndi mmene munabadwira Teresa Woyera mu 1515. Kutsidya kwa mtsinje kuli mizati inayi yotchedwa Cuatro Postes. Anthu amati apa ndi pomwe m'bale wa bambo ake anamubwezera Teresa ali ndi zaka 7, atathawa kwawo ndi mlongo wake kuti akafere chikhulupiriro.

Atakula, Teresa analowa chipani cha Carmelite, koma sanakhutire ndi moyo wofewa wa m'nyumba ya masisitere. Mu 1562 anatsegula nyumba yaing'ono ya San José mumzinda womwewo, ya moyo waumphawi ndi mapemphero. Anamwalira mu 1582, ndipo mu 1970 Papa Paulo VI anamutcha mphunzitsi wa Mpingo, mayi woyamba kulandira ulemuwu. Wansembe wina wa chipani chake, Francisco Palau, ndiye anayambitsa cha m'ma 1860 gulu la masisitere limene linadzafika ku Mtengowanthenga.

Komatu nkhani yothawira kuphiri si yachilendo kwa anthu a ku Dowa ndi Ntchisi. M'zaka za m'ma 1800, nkhondo za Angoni zitavuta, Achewa ambiri anakabisala kuphiri la Ntchisi. Iwo sanaunjike miyala ngati anzawo a ku Spain. Linga lawo linali nkhalango yowirira ya m'phirimo.

Kusiyana kuli pa kasamalidwe. Anthu a ku Ávila anasunga khoma lawo ngakhale nkhondo zinatha kalekale, ndipo mu 1985 bungwe la UNESCO linaika mzindawu pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Tsopano eni mahotela, malo odyera ndi ogulitsa maswiti a mazira otchedwa yemas amadyera khoma lomwelo.

Kuno kwathu, nkhalango ya Ntchisi ikadalipo ndipo alendo amakaiona, koma mapiri ambiri oizungulira ayera kaamba ka nkhwangwa ndi uvuni wa makala. Mwala ukagwa pakhoma la Ávila, amisiri amaubwezera pamalo pake. Mtengo umene unabisa makolo ukagwa, palibe mmisiri angaudzutse.