KULIMA KOLIFULAWA M'DIMBA LA PAKHOMO

Ambiri a ife tidziwa kulima kabichi, repu ndi mpiru, pakuti ndiwo zimenezi tidapeza makolo athu ali kulima kumadimba. Koma tikatchula kolifulawa, anzathu ena apukusa mutu nati, "Imeneyo ndi ndiwo ya kumahotela, kwathu kuno sibala." Enanso adayesa kulima, nakolola timitu tonga chibakera cha mwana, nataya mtima. Chobvuta sichiri m'nthaka yathu ai. Kolifulawa ndi mbeu yosakhululuka: ikaima kukula masiku owerengeka chifukwa cha ludzu, njala kapena kutentha, sibwereranso mwakale. Yense wofuna kuilima asunge mau amenewa, pakuti malangizo onse ali m'munsimu achokera pamenepo.

Kolifulawa ndi mbale wake wa kabichi, ndipo akatswiri a zomera aika zonse ziwiri mu mtundu umodzi, dzina lake Brassica oleracea. Kwao kwenikweni ndi maiko a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, monga chilumba cha Cyprus. Pa kabichi tidya masamba okulungana, koma pa kolifulawa tidya mutu woyera, umene uli tinthambi ta maluwa tothinana tisanaphuke. Monga tiphunzira mu sayansi, masamba ndiwo apanga chakudya cha chomera. Tsono chomera chikasauka chiri chaching'ono, chifulumira kutulutsa mutu masamba asanachuluke, ndipo mutuwo usowa choudyetsa. Nchito yathu yonse ndiyo kukulitsa masamba ambiri, msanga, popanda kuima.

NYENGO YAKE

Mbeu iyi ikonda kuzizira, makamaka madigiri 15 mpaka 20. Nchifukwa chake ichita bwino kumalo okwera monga ku Dedza, Lizulu, Tsangano ndi Bvumbwe, koma ibvuta kwambiri kumalo otentha monga ku Chikwawa ndi Nsanje. Fesani kuyambira Malichi mpaka Meyi, kuti mitu ipangike m'chisanu cha Juni, Julayi ndi Ogasiti. Wofesa mu Ogasiti adzaona mitu yake iri kutuluka pa dzuwa la Okutobala ndi Novembala, yomwazika ndi yachikasu. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Snowball. Gulani paketi yosatsegula, ndipo muone tsiku lolembedwapo, pakuti njere zakale sizimera bwino. Galamu imodzi iri ndi njere pafupifupi 300, kotero paketi yaing'ono ikwanira banja lonse.

NAZALE

Akulu adati mmera mpoyamba. Sankhani malo apafupi ndi madzi, pamene sipadalimidwe kabichi, repu kapena mpiru zaka zitatu zapitazo. Tipulani mozama, muphwanye zibuma zonse, musakanize manyowa oola bwino. Bedi likhale mita imodzi m'mimba mwake, lokwera masentimita 15, kuti madzi asadikhe. Lembani timizere motalikirana masentimita 15, ndi kufesa njere patalipatali, kuya kwake sentimita imodzi yokha. Kwirirani pang'ono, phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, ndi kuthirira ndi kheni ya maboo aang'ono.

Pakapita masiku 5 mpaka 10 njere zimera. Tsiku lomwelo chotsani udzu, muukweze pa kachisakasa kofika m'bondo, chifukwa mbande zokulira pansi pa udzu zikhala zazitali, zoonda ndi zofooka. Patulirani kuti pakati pa mbande ndi inzake palowe zala ziwiri. Thirirani m'mawa, koma musachite thope, pakuti mbande zothithikana m'nthaka yonyowa kwambiri zibvunda patsinde ndi kugwa usiku umodzi. Sabata yomariza chotsani chisakasa ndi kuchepetsa madzi pang'ono, kuti mbande zizolowere dzuwa.

KUOKERA

Pano ndi pamene ambiri alakwa. Mbande iyenera kuokeredwa ikakwana masabata 4 mpaka 6, iri ndi masamba enieni anai kapena asanu. Mbande yokalambira pa nazale ndiyo ibala kamutu konga dzira. Tsono konzeranitu munda mbande zisanakhwime. Mbande zisadikire munda, munda ndiwo udikire mbande.

Kumbani mapando motalikirana masentimita 60 mbali zonse, ndi kuthira manja awiri a manyowa oola m'phando liri lonse. Ngati nthaka yanu ndi yowawasa, imene alangizi a zaulimi angakuyezereni, thiraninso laimu masabata angapo musanaokere. Thirirani nazale poyamba, ndipo muzule mbande iri yonse ndi dothi lake, mizu isaduke. Okerani madzulo dzuwa litapepa. Ikani mbande mpaka pamasamba oyamba, tsenderani dothi ndi zala, thirirani pomwepo. Iri yonse yopanda nsonga pakati itayeni, pakuti yotere sidzabala mutu ngakhale muisamale chotani.

MADZI NDI CHAKUDYA

Nthaka isaume konse kufikira tsiku lokolola. Pisani chala m'dothi. Chikatuluka chouma, mwachedwa kale. Yalani udzu pakati pa mbeu kuti chinyezi chisathawe. Popalira musalowetse khasu pansi kwambiri, popeza mizu yambiri iri pamwamba. Patapita masabata atatu chiokerere, thirani feteleza wa CAN, kachitsekero kamodzi ka botolo pa phando, kutali ndi tsinde ngati chikhatho, ndipo mubwerezenso patapita masabata ena atatu. Wopanda feteleza abviike zitosi za nkhuku m'madzi sabata imodzi, asungunule ndi madzi ambiri, nathire pansi, osati pamasamba. Ife a sukulu tikumbukenso ichi: tchuthi ikafika mbeu ziri m'munda, tipangane ndi wina wothirira tisanachoke. Sabata imodzi ya ludzu itha kuononga thukuta la miyezi iwiri.

ADANI AKE

Tembenuzani masamba kawiri pa sabata. Kunsi kwake mudzapeza timbozi tobiriwira toboola masamba, ndi nsabwe zotuwa zounjikana. M'dimba laling'ono zala zikwanira kupha timbozi, ndipo madzi a sopo achepetsa nsabwe. Mukapeza mbande yodulidwa patsinde m'mawa, fukulani pafupi pomwepo, mudzapeza mphutsi yotuwa itadzipinda. Mukaona m'mphepete mwa tsamba muli chikasu cholowa m'kati ngati chilembo cha V, ndi mitsempha yakuda, imeneyo ndi nthenda yoopsa yoyenda ndi njere ndi madzi. Zulani chomeracho mukachitaye kutali. Nthenda ina itupitsa mizu, mbeu nkumafota masana ngakhale yathiriridwa, ndipo ikhalitsa zaka zambiri m'nthaka yowawasa. Chotchinjiriza chachikulu ndicho kasinthasintha wa mbeu: pamene padali kolifulawa pabwere nyemba, anyezi kapena chimanga.

KUFUNDITSA NDI KUKOLOLA

Mutu ukafika ngati dzira la nkhuku, sonkhanitsani masamba aakulu pamwamba pake ndi kumanga ndi luzi mosathinitsa. Dzuwa likauomba usanduka wachikasu, ndipo pamsika anthu aupitirira. Suzumirani masiku awiri kapena atatu ali onse. Kawirikawiri mutu ukhwima miyezi iwiri kapena itatu chiokerere. Dulani uli wolimba ndi wothinana, usanayambe kutakasuka, ndipo musiye masamba angapo ouzinga. Kolifulawa sadikira m'munda monga achitira kabichi, ndiponso sabala kawiri. Chifukwa chake nkwanzeru kufesa pang'onopang'ono, masabata awiri kapena atatu ali onse, kuti mitu isakhwime yonse pamodzi.

Kunyumba phikani nthawi yochepa, kuti vitamini C amene alimo asaonongeke. Akoma ndi matimati ndi anyezi, akomanso wotendera, ndipo masamba ake anthete ndi ndiwo ngati repu.

Tsono anzanga, amene muli ndi kadimba kwanu, yambani ndi mapando 20 okha chaka choyamba. Lembani m'kope tsiku lofesa, lookera ndi lokolola, kuti chaka chamawa mudziwe nyengo yoyenera kwanuko. Mapando 20 osamalika adzakupatsani mitu yambiri yabwino koposa mapando 100 othiriridwa mwa apo ndi apo.

Wophunzira wa Fomu 3