MAYI WOYAMWITSA ASAMADYE MKUTE

M'makomo ambiri muno m'Malawi, ndiwo zabwino zimayamba zapita m'mbale ya bambo, ndipo mayi amene ali ndi khanda kumsana amatsala ndi msuzi wokha. Ife tikuti khalidwe limeneli ndi lobwezeretsa chitukuko m'mbuyo.

Kuyambira m'chaka cha 2001, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lakhala likulangiza kuti mwana aziyamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, osampatsa phala ngakhale madzi. Pa nthawi imeneyi mayi amadyera anthu awiri. Akamadya moperewera, mkaka umatulukabe, koma thupi lake ndilo limalipira: amawonda, amafooka, ndipo khasu limayamba kumlemera.

Zofunikazo si zamtengo wapatali ayi. Ndi phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, nyemba, usipa, mazira, bonongwe, chisoso, mapapaya ndi mango. Alangizi a zaumoyo amati mayi wotere aziwonjezera kudya kawiri pa tsiku, ndiponso azimwa madzi okwanira.

Tsono tikupempha abambo kuti pokolola musamagulitse mtedza ndi nyemba zonse. Nanunso apongozi, onetsetsani kuti pogawa ndiwo, mbale ya mayi wa mwanayo ndiyo iziyamba kudzaza.